Mwana Akati Akufuna Kukasambira ku Olimpiki, Timuyankhe Chiyani?

Kuno ku Nthalire mwana amaphunzirira kusambira mumtsinje. Amapita ndi anzake kokamwetsa ng'ombe kapena kokachapa, amavula malaya, ndipo mphunzitsi wake ndi mnzake womuposa zaka ziwiri zokha. Zakhala choncho kuyambira kale. Chimene chasintha ndi foni. Lero mwana yemweyo amaima pa golosale pamene amatchajitsa mafoni, n'kuonera kanema wa anthu akusambira m'dziwe loyera ngati galasi, wina akuvekedwa mendulo ya golide, mbendera ya dziko lake ikukwera. Madzulo pa nsima amangoti, “Adada, inenso ndidzakasambira ku Olimpiki.”

Nkhani imeneyi yatipeza kangapo m'mapologalamu a zaumoyo a Sabata masana, ndipo tikudziwa kuti si kuno kokha. Makolo ena amaseka n'kunena kuti zimenezo n'za ana a m'tauni, iye atenge khasu. Ena, pofuna kuoneka a chikhulupiriro, amangoti, “Uzipemphera, zidzachitika,” nkhani n'kuthera pomwepo. Mayankho awiri onsewa amamusiya mwana m'mbali mwa mtsinje, popanda womuuza zoona, popandanso womuyang'anira akadumphira m'madzi. Ife tikuona kuti mwana wolankhula zazikulu chotere ayenera kuyankhidwa ndi manambala enieni, kenako apatsidwe chinthu chimene angayambe chaka chomwe chino.

Dziwe la ku Olimpiki ndi lalitali mamita 50, pafupifupi theka la bwalo la mpira. Mpikisano waufupi kwambiri ndi wosambira ulendo umodzi wokha, kuchoka mbali ino kukagunda khoma la tsidya. Ku Paris mu 2024, Cameron McEvoy wa ku Australia anapambana pa amuna ndi masekondi 21.25, ndipo Sarah Sjöström wa ku Sweden anapambana pa akazi ndi masekondi 23.71. Kuti munthu angololedwa kukalowa nawo mpikisanowo mwa mphamvu zake, ankafunika kusambira mamita 50 amenewo m'masekondi 21.96 ngati ndi mwamuna, kapena 24.70 ngati ndi mkazi. Taonani kuchepa kwa mpata umenewo. Pakati pa wongolowa pakhomo ndi wotenga golide panali nthawi yosakwana sekondi imodzi. Mukangotchula dzina loti Nthalire, nthawiyo yatha kale. Anthu amathera zaka khumi za moyo wawo kufunafuna kachidutswa ka sekondi kameneko.

Mnyamata wa kwathu amene amaoloka mtsinje wodzala anthu namuombera m'manja ali ndi mphamvu komanso mtima wolimba, sitikukana. Koma kusambira kwa mpikisano si nkhani ya mphamvu kwenikweni. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, choncho chilichonse chimene chatuluka pa mzere wa thupi chimakhala ngati buleki. Wosambira wa kumtsinje amatukula mutu kuti aone kumene akupita. Mutu ukakwera, miyendo imamira, ndipo thupi limayenda mopendekeka ngati bwato lolemera kumbuyo. Akatswiri amagona chafufumimba, nkhope ili m'madzi, amatulutsira mpweya m'madzi momwemo, n'kutembenuza mutu pang'ono chabe kuti akoke wina. Amaphunziranso kudumpha poyamba ndi kutembenuka pa khoma, zinthu zimene mtsinje sungaphunzitse munthu chifukwa ulibe khoma. Zonsezi zimafuna munthu woima pambali n'kumakukonza tsiku ndi tsiku.

Wina afunsa kuti, nanga Amalawi amene timamva kuti akasambira ku Olimpiki amafikako bwanji? Alipo ndithu, ndipo ndi oyenera ulemu wathu. Charlton Nyirenda anasambira ku Beijing mu 2008 ndi ku London mu 2012. Joyce Tafatatha anali ku London ali ndi zaka 14 zokha. Ku Rio de Janeiro mu 2016 kunali Ammara Pinto ndi Brave Lifa, ku Tokyo kunali Jessica Makwenda ndi Filipe Gomes, ndipo ku Paris kunali Filipe Gomes yemweyo ndi Tayamika Chang'anamuno. Pali lamulo lakuti dziko limene lilibe wosambira wofika pa nthawi yofunika lija likhoza kutumizabe mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, kuti masewerawo akhaledi a dziko lonse lapansi. Osambira athu akhala akulowera pa khomo limenelo. Ndiye kuti malo ndi awiri okha pa zaka zinayi zilizonse, m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni. Ndipo chiyambire kupita ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, dziko la Malawi silinabwereko ndi mendulo pa masewera aliwonse. Sitikunena izi pofuna kunyoza aliyense. Mwana adziwe kutalika kwa phiri asanayambe kukwera.

Pali anthu awiri a mu Africa muno amene nkhani zawo timakonda kuziika pamodzi.

Woyamba ndi Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea. Anapita ku Olimpiki ya ku Sydney mu 2000 atangophunzira kusambira kwa miyezi yowerengeka m'kadziwe ka pa hotela, ndipo dziwe la mamita 50 anakaliona koyamba komweko. Anzake awiri amene anayenera kupikisana nawo anachotsedwa chifukwa chodumpha wezulo isanalire, ndiye anasambira yekhayekha mamita 100. Chakumapeto ankangomenya madzi atatheratu mphamvu, koma anafika, patatha miniti imodzi ndi masekondi 52.72. Amene anatenga golide pa mtunda womwewo, Pieter van den Hoogenband wa ku Netherlands, anasambira m'masekondi 48.30. Anthu ambiri amaithera nkhaniyi pamenepa, ena moseka. Chimene chimatikhudza ife ndi chimene chinatsatira. Moussambani anapitiriza kuphunzira mpaka anatsitsa nthawi yake kufika pansi pa miniti imodzi, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa timu yosambira ya dziko lake. Mendulo sanaione, koma ana a kwawo anapeza wowaphunzitsa.

Wachiwiri ndi Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe, wobadwira ku Harare mu 1983. Ameneyu anatenga mamendulo asanu ndi awiri a Olimpiki, awiri mwa iwo a golide pa mamita 200 osambira chagada, ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008. Mu Malichi 2025 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa komiti yoyendetsa Olimpiki pa dziko lonse, mayi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa pa mpando umenewo. Ndi wa pafupi nafe, inde. Koma anakulira mumzinda wa maiwe osambiriramo, anayamba ali wamng'ono, ndipo atatha sekondale anapita ku Auburn University ku America kumene kunali aphunzitsi ndi zipangizo zonse. Ulendo wake woyamba wa ku Olimpiki, ku Sydney komwe kuja, anabwerako wopanda kanthu. Ngakhale iye, ndi zonse zimene anali nazo, anadikira zaka zina zinayi.

M'mera mpoyamba, anatero akuluakulu, ndipo pa kusambira mwambiwu ndi woona mowawa. Akatswiri ambiri amalowa m'kalabu asanakwane zaka khumi. Akafika msinkhu wa sekondale amasambira kawiri pa tsiku masiku ambiri a mlungu, mbandakucha asanapite m'kalasi ndi madzulo akaweruka, makilomita makumi angapo pa mlungu, chaka chonse, m'chisanu ndi m'chilimwe momwe. Kuno kwathu maiwe oyenera ali m'mizinda, makamaka pa sukulu zolipira, m'makalabu ndi m'mahotela a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Dziwe lalikulu la boma linamangidwa ku Kamuzu Institute for Sports ku Lilongwe pokonzekera masewera a achinyamata a Region 5 a mu Disembala 2022. Kuchoka ku Nthalire, ngakhale kukafika pa boma la Chitipa ndi ulendo wa maola, ndipo amene anayendapo msewu wathu mu Febuluwale akudziwa zimene tikunena. Banja lofuna kuti mwana afike pamwamba liyenera kuganiza zomusamutsa, malo ogona, chakudya chokwanira thupi logwira ntchito yolemetsa chotere, ndalama za kalabu ndi za maulendo. Walira mvula walira matope. Mbuye wathu nayenso, pa Luka 14, anakamba za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti amayamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake.

Tsopano tifike pa nkhani imene mabanja a mpingo wathu sangaidumphe, ngakhale ndalama zitakhalapo. Mipikisano yambiri ya masewera imachitika kumapeto kwa mlungu. Okonza sachitira dala kuti ativutitse. Ndi masiku amene ana sali m'kalasi, makolo sali ku ntchito, ndipo oonerera amapezeka. Koma zotsatira zake kwa ife n'zoonekeratu. Ku Paris, ndime yoyamba ya akazi ya mamita 50, mpikisano womwe uja umene atsikana athu a ku Malawi amakonda kulowa, inachitika pa 3 Ogasiti 2024. Tsegulani kalendala: linali la Sabata. Mtsikana wa mpingo wathu amene akanavutika zaka khumi kuti apeze malo amodzi aja akanafika ku Paris n'kupeza kuti masekondi ake onse agwera pa nthawi ya Sukulu ya Sabata.

Sitikulemba izi kuti tiweruze munthu aliyense amene anasambirapo tsiku limenelo. Tikulembera makolo amene akufuna kuti mwana wawo asunge Sabata, n'kumulimbikitsanso kuti adzakhale katswiri, osaziika ziwirizi pa mphasa imodzi n'kuziyang'ana. Mwana wa zaka khumi akhoza kuvomera chilichonse. Wa zaka 17, amene mphunzitsi wamuuza kuti timu yonse ikudalira iye Loweruka likubwerali, ndi amene adzasenze katunduyo yekha, ali kutali ndi kwawo. Carlos Roa, goloboyi wa Argentina amene anagwira mapenate awiri pa masewera ndi England mu World Cup ya 1998, anali wa mpingo wathu. Mu 1999 anasiya mpira ali pachimake chifukwa cha chikhulupiriro chake, kenako anabwereranso. Nkhondo yotere mumtima mwa munthu wamkulu si yaing'ono, nanga mwa mwana?

Pali chitsanzo china chimene timachiona chothandiza, ngakhale mwini wake ankasunga Lamlungu osati Sabata. Eric Liddell wa ku Scotland anali katswiri wothamanga mamita 100. Kudakali miyezi kuti Olimpiki ya ku Paris ya 1924 iyambe, anadziwa kuti ndime yoyamba ya mtunda umenewo idzakhala pa tsiku lake lopembedza. Sanadikire kuti akakangane ndi akuluakulu pa bwalo. Anasintha cholinga kudakali nthawi, anakonzekera mamita 400, ndipo anatenga golide. Kenako anapita ku China kukagwira ntchito ya umishonale, ndipo anamwalira komweko mu 1945. Chimene tikutolapo n'chakuti anayang'ana kalendala msanga. Inunso, musanalipire tambala ku kalabu iliyonse, funsani mphunzitsi masiku amene ana amaphunzira, masiku amene amapikisana, ndiponso ngati mwana wosabwera kuyambira Lachisanu dzuwa litalowa mpaka Sabata litatha angakhalebe m'timu. Aphunzitsi ena amamvetsa. Ena amakana poyera, ndipo kukana kwa poyerako n'kwabwino kuposa lonjezo lodzasintha mwana atazolowera kale.

Ndiye timuuze mwana kuti aiwale za madzi? Ayi ndithu. Apa ndi pamene nkhani ikufika pakhomo pa aliyense wa ife, kaya mwana analotapo za mendulo kapena ayi.

Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi pa dziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo chathu cha Africa ndi chimene chili pamwamba. N'chifukwa chake bungwe la United Nations linapatula tsiku la 25 Julayi kukhala lokumbutsana za kupewa kumira. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa ndi a kunja. Mitsinje yathu imatsika kuchokera ku mapiri a Nyika. Mvula ikhoza kugwa kumtunda kuno kuli dzuwa, ndipo mtsinje umene ana anaoloka m'mawa madzi ali m'mawondo, poweruka umakhala ukugubuduza miyala. North Rukuru, amene amayambira pa Nyika n'kukathira m'nyanja ku Karonga, sasewera naye munthu m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi. Ndiponso achinyamata athu a kumapiri akapita ku nyanja pa maulendo a sukulu kapena a mpingo, ku Karonga kapena ku Chilumba, amasangalala mopitirira, n'kulowa m'madzi amene sakuwadziwa pansi pake.

Pa Machitidwe 27 timawerenga za chombo chimene chinasweka Paulo ali momwemo. Munali anthu 276. Kenturiyo analamula kuti odziwa kusambira ayambe ndiwo kudumpha, otsalawo agwire matabwa ndi zidutswa za chombo, ndipo onse anafika kumtunda. Mulungu anali atalonjeza kale kuti sipafa munthu, komabe ena anasambira, ena anakakamira thabwa. Zinthu ziwiri zomwezo, kusambira ndi kudziwa kugwira chinthu choyandama, ndi zimene tikufuna mwana aliyense wa m'mipingo yathu akhale nazo.

Cholinga choyamba, chotheka ngakhale kuno, tachibwereka ku Bangladesh, dziko la madzi ambiri kumene ana ochuluka ankafa pomira. Kumeneko kuli pologalamu yotchedwa SwimSafe. Alibe maiwe a simenti m'midzi. Amamanga kampanda ka nsungwi m'dziwe la m'mudzi, ndi poponda pake, n'kumaphunzitsiramo ana. Mwana amati wakhoza akatha kusambira mamita 25 osaima, kuyandama pamalo amodzi kwa masekondi 30, ndi kupulumutsa mnzake iye ali kumtunda. Basi. Palibe mendulo, koma mwana wotere akaterereka pa mwala amakhala ndi mpata wobwerera kwa amayi ake. Nsungwi tili nazo, ndipo chingwe cha mamita 25 aliyense akhoza kuchiyeza ndi tepi ya mmisiri womanga nyumba.

Za atsikana tinenepo mawu awiri, chifukwa ndi amene amasiyidwa. Anyamata amaphunzira okha kubusa, pamene mtsikana akangosinkhuka amauzidwa kuti kusambira n'kosayenera, chonsecho ndi iye amene amapita kumtsinje tsiku lililonse ndi ndowa, nthawi zina ndi mwana kumsana. Ku Zanzibar, kumene anthu ambiri ndi Asilamu ndipo nkhani ya kavalidwe amaisamala kwambiri, bungwe la Panje Project limaphunzitsa atsikana kusambira atavala zovala zofunda thupi lonse, aphunzitsi ake ndi amayi anzawo, ndipo choyandamira chake ndi zigubu zopanda kanthu. Ngati iwo anapeza njira, amayi a Dorika sangalephere. Siketi yaitali ndi chitenje ndi zoopsa m'madzi chifukwa zimakulunga miyendo. Kabudula wofika m'mawondo ndi tisheti yosaonekera mkati n'zokwanira, ndipo atsikana akhale ndi tsiku lawolawo.

Malo ophunzirira asankhidwe ndi akuluakulu, osati ana. Pakhale pamene madzi akuyenda pang'onopang'ono, osapitirira pachifuwa pa mwana wamfupi kwambiri pagululo, pansi pake pali mchenga, ndipo munthu wamkulu ayambe wayendamo ndi ndodo kufufuza maenje, zitsa ndi mabotolo osweka. Nthawi yake ndi Sepitembala ndi Okutobala, madzi atachepa ndipo kunja kwatentha. Mu Juni ndi Julayi madzi ochokera ku Nyika amazizira kwambiri, ndipo kuzizira kumatha mphamvu za mwana msanga kuposa mmene iye mwini akuganizira. Akayamba kunjenjemera kapena milomo kusintha mtundu, atuluke. Wamkulu mmodzi asayang'anire ana oposa asanu, ndipo woyang'anirayo asakhale akuchapa kapena kuyang'ana pa foni. Munthu womira kawirikawiri sakuwa. Pakamwa pake pamakhala pakulowa ndi kutuluka m'madzi, mpweya wokuwira alibe, ndipo zonse zimatha mwakachetechete m'nthawi yochepa. Mwana wodwala khunyu asalowe m'madzi popanda wamkulu woima pafupi moti n'kumugwira ndi dzanja.

Pali likodzo. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi odekha, a udzu ndi bango, ndipo timalowa pa khungu munthu asakumva kanthu. M'madambo, m'madamu ndi m'magombe ena a nyanja ndi mmene timapezeka kwambiri. Mwana akayamba kukodza magazi, makamaka kumapeto kwa mkodzo, apite kuchipatala. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amene azaumoyo amagawa m'sukulu. Nthawi yogawa ikafika musamubise mwana, ingoonetsetsani kuti wadya asanamwe. Ndipo tiwaphunzitse ana kusakodzera kapena kuchitira chimbudzi m'madzi, chifukwa mazira a likodzo amabwerera ku nkhono mwa njira imeneyo. Kunyanja funsani eni dera za ng'ona ndi mvuu musanavule nsapato, ndipo mwera ukamaomba khalani kumtunda.

Pa kupulumutsa, chimene timabwereza kwa ana mpaka atatopa nacho n'chakuti asadumphire m'madzi kukagwira mnzawo. Womira amakakamira chilichonse ndi mphamvu zodabwitsa, ndipo maliro a ana awiri pa tsiku limodzi amabwera motero. Akuwe kuitana anthu, agone pansi m'mbali mwa mtsinje n'kutambasula nsungwi kapena chitenje, kapena aponye chigubu chotseka bwino. Munthu akavuulidwa, musamuzondotse kapena kumutsindika pamimba kuti madzi atuluke. Zimenezo zimangotaya nthawi ndi kumusanzitsa. Onani ngati akupuma. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, mupendeketse mutu chakumbuyo, mupuzireni mpweya pakamwa, kenako tsindikani pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 30 n'kumupuzira kawiri, mobwerezabwereza, wina akuthamangira thandizo. Akatsitsimuka mugonekeni cham'mbali, mumuvule zonyowa n'kumufunditsa, ndipo mupite naye kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa mapapo amatha kuvuta patapita maola. Izi n'zofunika kuzionera ndi maso. Pemphani azachipatala a kwanuko adzakuonetseni pa tsiku la zaumoyo.

Tibwerere kwa mwana uja wa maloto, poti sitinamuiwale. Akakwanitsa mamita 25 ndi masekondi 30 aja, cholinga chotsatira chili kale m'manja mwa mpingo. Kalabu ya Pathfinder ili ndi mabaji a kusambira, kuyambira a oyamba kumene mpaka a odziwa, ndipo atsogoleri a achinyamata ali ndi mndandanda wa zofunika pa baji iliyonse. M'makalabu ambiri a kumudzi mabaji amenewa amangodumphidwa, ana n'kumadzaza lamba ndi a mfundo za chingwe ndi a mbalame. Pambuyo pake mugulireni kope. Kamodzi pa mwezi, pamalo omwewo, muyeseni nthawi ndi wotchi ya pa foni, ulendo umodzi motsata madzi ndi wina mobwerera, n'kulemba zonse ziwiri. Mpikisano wake ukhale ndi tsamba la mwezi watha. Kope limeneli limanena zoona zimene kholo silingathe kunena. Ana ambiri pakatha miyezi itatu chidwi chimasamukira ku mpira, ndipo palibe cholakwika, atsala ndi luso lopulumutsa moyo. Koma pakhoza kupezeka mmodzi amene manambala ake akutsikabe, amene amakukumbutsani yekha kuti tsiku loyesa lafika.

Ameneyo ndi woyenera kumuonetsa kwa odziwa. Ngati muli ndi achibale ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mutumizeni pa holide ina, akasambire m'dziwe lenileni pamaso pa mphunzitsi. Bungwe loyendetsa masewerawa m'dziko muno ndi Malawi Aquatic Union, ndipo ndi kumene mungafunse za makalabu ndi mipikisano ya misinkhu yosiyanasiyana. Pemphani mphunzitsiyo akuuzeni mosabisa pamene mwanayo ali poyerekeza ndi anzake a zaka zomwezo. Cholinga cha chaka chimenecho chikhale kulowa mpikisano umodzi wosagwera pa Sabata n'kumaliza bwino. Za timu ya dziko zidzakambidwa manambala akadzalola. Pa zonsezi sukulu isagwe, chifukwa ngakhale Coventry njira yake inadzera ku yunivesite. Tulo tikwane, chakudya chikhale cha magulu onse, nyemba, mtedza, soya, mazira, masamba ndi zipatso pamodzi ndi nsima, ndipo zakumwa zija za m'zitini zimene amati zimapatsa mphamvu zisalowe m'chikwama chake. Phewa likayamba kuwawa apume, asalimbe mtima. Mapewa ndi amene amatha osambira ambiri achinyamata.

Tikumbukirenso kuti madzi ali ndi ntchito zambiri kuposa mendulo. M'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja mumafunika anthu oyang'anira osambira. Sukulu za m'tauni zimalemba aphunzitsi a kusambira. Ku Nkhata Bay anthu amaphunzira kusambira pansi pa madzi ndi mabotolo a mpweya, ndipo ku Monkey Bay kuli ntchito za sitima. Mwana wa ku Nthalire wodziwa kusambira bwino, wodziwanso chithandizo choyamba, ali ndi chinthu chogwirika m'manja. Ndipo ngati chimene chikumukoka mtima ndi mpikisano weniweniwo osati madzi, yang'anani miyendo yake. Tikukhala m'munsi mwa mapiri amene nsonga yake, Nganda, imapitirira mamita 2,600, ndipo ana athu amakwera zitunda tsiku lililonse popita kusukulu. Akatswiri othamanga a ku Kenya amaphunzirira ku Iten, dera lokwera la misewu yafumbi. Kuthamanga sikufuna dziwe, ngakhale kuti funso la kalendala lija lidzamutsatiranso kumeneko.

Ife kuno tagwirizana ndi atsogoleri a achinyamata kuti mu Sepitembala tidzayamba, Lamlungu lililonse m'mawa kwa milungu isanu ndi umodzi, anyamata mlungu uno, atsikana mlungu winawo. Ana oyambira zaka zisanu ndi chimodzi adzabwere ndi kholo kapena ndi kalata ya kholo. Madikoni awiri adzapita Lachisanu lake kukayendera malowo ndi kuzika nsungwi. Banja lililonse libweretse chigubu cha malita 5 kapena 20 chokhala ndi chitsekero chake, chotsukidwa bwino, chosasungiramo mafuta a galimoto kapena mankhwala a m'munda.